Fodya M'kamwa mwa Bilimankhwe

Dzuwa linali litatsamira mapiri a ku Biriwiri pamene Lufina anayamba kulowetsa nkhuku m'khola. Thadzi lamawanga linavuta monga mwa masiku onse, ndipo polipirikitsa iye anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene sankakonda kupitako madzulo. Kumeneko, pansi pa mtengo wa mapichesi, panali kakhola ka waya kotalika kufika m'chiuno mwa munthu. M'kati mwake munali nthambi zamasamba, ndipo pa nthambizo pankakhala abilimankhwe awiri a mwamuna wake.

Mwamunayo, Cedric, anali atagwada pomwepo, akuwaza madzi pa masamba ndi kanthambi konyowa.

"Abambo a Tisunge, anzanu akutsekera mbuzi, inu mukumwetsa zirombo."

"Awa samwera m'mbale," anatero Cedric osatembenuka. "Amanyambita madontho a pa tsamba basi. Ukaleka kuwaza, maso amalowa m'kati, kenako amafa."

"Akafa alire ndani?"

"Ineyo."

Cedric anagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Joni, kwa mzungu wina amene ankaweta abilimankhwe m'kanyumba kagalasi. Iye ndi amene ankawadyetsa ndi kuwasamala akadwala. Chaka chimene Amalawi ambiri anathawa chipolowe kumeneko, anabwera chimanjamanja, kupatula chizolowezi chimenechi. Atafika anatola abilimankhwe awiri m'tchire, wamwamuna anamutcha Bwana, wamkazi Dona. Munthu wolongosoka saweta chinthu chimene anzake onse amachithawa, makamaka akakhala mkamwini pa mudzi wa eni. Pamenepa Cedric analakwa, ngakhale kuti kulakwa kwake kunathera pomwepo.

Nyumba, minda ndi dimba lalikulu la mbatata ya kachewere m'mbali mwa mtsinje zinali za mbumba ya Lufina. Iwo anabadwa akazi atatu: Esnath wamkulu, amene analibe mwana, Lufina, ndi Pauline wamng'ono, amene chaka chimenecho anali woyembekezera. Mwana wamkazi m'banjamo anali mmodzi yekha, Tisunge wa Lufina, wa sitandade sikisi. Woyang'anira mbumbayo anali malume awo, a Maliro, munthu wowonda, waulemu pakamwa, amene sankasiyana ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno. Ana awo aamuna analibe malo pamudzipo, pakuti kwawo kunali kwa mayi awo ku Kandeu, ndipo a Maliro anapemphapo kangapo kuti dimbalo "angobwerekako". Akazi atatuwo anakana mwaulemu.

Madzulo amenewo, Lufina atagwira thadzi lija, anamva mwamuna wake akudandaula chapansipansi.

"Diso la Bwana latupa. M'mawa linali bwinobwino ili."

Lufina anasuzumira ali chapatali. Diso limodzi la chirombocho linali litatsekeka, litatupa ngati nsawawa yonyowa. Linalo linazungulira pang'onopang'ono mpaka linaima pa iye. Mphepo inabweretsa kafungo kowawa kochokera pa waya, ndipo iye anayetsemula kawiri. Sanakaganizire kanthu.

Kutacha, kunamveka kulira kunyumba kwa Esnath. Lufina anathamangirako, ndipo anapeza mkulu wake atakhala pakhonde, atagwira nkhope. Diso lakumanzere linali litatupa, likutuluka mafinya.

"Chinakuluma n'chiyani, achemwali?"

"Palibe. Ndangodzuka chonchi. Likuwawa ngati muli munga."

Kuchipatala anam'patsa mankhwala odontheza, koma diso silinaphwe. Cedric naye anali pa ntchito yake kuseri kwa nyumba. M'mawa ndi madzulo ankatsuka diso la Bwana ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, pogwiritsa nthenga ya nkhuku. Tsiku lina anapeza kaulusi kofiira katazengerezeka pa mwendo wa bilimankhweyo, ndipo anakadula ndi lezala nakataya, poganiza kuti kanabwera ndi nthambi. Lufina anakaona pansi posesa. Diso la Bwana linatseguka, ndipo tsiku lomwelo Esnath anaona ndi maso onse awiri.

Anthu sanachedwe kulumikiza ziwirizo. Pa mjigo, amayi ankatsitsa mawu Lufina akafika. Wina anati anamva chinthu chikuyenda pa denga la Esnath, chikuponda kamodzi, n'kudikira, n'kupondanso. Wina anati galu wake anakana kudutsa pa mtengo wa mapichesi, anangoima ubweya uli nyaunyau. Kunamvekanso kuti ku Joni Cedric sanali wa m'munda wa maluwa ayi, koma kuti anakatenga zitsamba. Miseche ya mtundu umenewu ndi tchimo, ndipo abusa anadzudzula pa guwa, koma anthu anatuluka m'tchalitchi akunong'onezanabe.

Pamene mvula inkatha, Dona anafufuma mimba. Cedric anathira mchenga wonyowa m'beseni, naika m'kakholamo.

"Ali ndi mazira. Afunika kukumba dzenje kuti aikire."

"Mazira? Si paja amakwera mu mtengo n'kudzigwetsa, mimba n'kuphulika?"

"Zimenezo n'zonama, mayi a Tisunge. Amaikira ngati nkhuku. Koma mazira akakanirira m'mimba, ndi imfa."

Dona anatsikira pa mchenga, anakanda pang'ono, nasiya. Anada bii, maso atalowa m'kati, ndipo anangogona chammbali akututumula nthiti. Cedric anam'sambitsa m'madzi ofunda, anam'sisita m'mimba ndi chala, koma dzira silinatuluke ngakhale limodzi. Masana a tsiku lomwelo matenda a Pauline anayamba. Azamba anayesetsa mpaka anati zawakulira. Anamanga ng'ombe pa ngolo kuti athamangire naye kuchipatala, ndipo Lufina anakwera nawo, mutu wa mng'ono wake uli pa miyendo pake.

"Achemwali," anatero Pauline ndi mawu otheratu, "china chandimanga m'chiuno. Masuleni."

"Palibe chakumanga, Pauline. Limba mtima, tafika."

Sanafike. Pauline anatsirizika ngolo isanatulukire pa msewu waukulu, mwana ali m'mimba. Atabwerera kumudzi ndi maliro, Lufina anapeza mwamuna wake akukumba kadzenje kuseri kwa nyumba. Dona anali atauma pa tsamba la nthochi. M'chiuno mwake, molowa m'khungu, munali kaulusi kobiriwira.

"Kameneka sindinakaone," anatero Cedric. "Kanabisika ndi mtundu wake."

Lufina anatembenuka n'kuchoka. Mtima wake unali ku maliro a munthu, ndipo zoti mwamuna wake akulirira chirombo pa tsiku lotere zinam'nyansa.

Pa maliropo anthu anam'sala Cedric. Atafuna kugwira khasu ku manda, adzukulu anam'landa. A Maliro okha ndi amene anakhala naye pafupi, akununkhiza fodya wawo, namuuza mofatsa kuti apirire. Koma madzulo anaitanira Lufina pambali.

"Mwana wa mlongo wanga, ine sindinenera munthu ufiti. Ndingofunsa: diso la Esnath linatsata chiyani? Nanga Pauline watsata chiyani? Kwatsala chirombo chimodzi, ndipo iwe uli ndi mwana mmodzi."

Mawu amenewo anam'lowa Lufina ngati chisanu cha m'mafupa.

Mwezi wa Juni unafika ndi mphepo yake, nkhungu ikugona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Bwana anayamba kufundula, koma khungu lakale linakanirira m'khosi ngati nsanza yoyera. Anasiya kudya ziwala. Ankangokhala mutu uli m'mwamba, kukamwa kuli yasa, thovu lili m'milomo, ndipo akapuma pankamveka kamluzu kakang'ono. Cedric anati ndi chifuwa cha kuzizira. Ananyamula kakhola kaja n'kukalowetsa m'nyumba, pa ngodya yofunda, ndipo anakakhoma loko, makiyi n'kumayenda nawo m'thumba.

Tsiku lomwelo Tisunge anabwera kusukulu akukoka miyendo. Lufina pom'vula juzi yake yabuluu anaona kuti mkono wake wayamba kusosoka, ulusi ukulendewera, ndipo anam'kalipira chifukwa cha kusasamala.

"Sindinaikole penapake, amayi. Ndinangoiyanika pa mpanda."

Dzuwa lisanalowe mwanayo anali atagona pa mphasa, khosi litapindikira m'mbuyo, kukamwa kuli yasa. Anapita naye kuchipatala, anabwera ndi mankhwala, koma kupuma kunka kucheperachepera. M'nyumbamo munkamveka timiluzu tiwiri, kena kuseri kwa nsalu yotchinga kumene kunagona mwana, kena pa ngodya. Tinkayamba pamodzi, n'kulekera pamodzi. Lufina anayesa kudzinamiza kuti makutu ake ndi amene akum'pusitsa, koma kamodzi timiluzuto tinaima tonse, nyumba inati zii, mpaka iye anakuwa dzina la mwana wake. Kenako tinayambanso, pamodzi.

"Abambo a Tisunge, ndiuzeni zoona. Munakatenga chiyani ku Joni?"

"Nawenso, Lufina?"

"Mverani nokha! Simukumva?"

Cedric anamvetsera, ndipo nkhope yake inasintha. "Ndikumva," anatero. "Koma Mulungu ndi mboni, sindidziwa kanthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti Bwana atachira diso, achemwali ako anachiranso. Ndisiye ndimuchize."

"Dona munamuchiza?"

Cedric anaweramitsa mutu.

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke, a Maliro anafika ndi anthu. Bwalo la nyumba linadzaza, amuna atafunda mabulangete, akazi ataima m'mbali. Msonkhano wotere unali wosayenera, wopanda abusa ngakhale munthu wa boma, koma mantha akagwira mudzi dongosolo limayamba kuthawa. Anyamata awiri amphamvu anagwira Cedric manja n'kumulanda makiyi.

"Sitinabwere kudzamenya munthu," anatero a Maliro. "Makolo athu ankadziwa chochita ndi bilimankhwe. Amam'kanula pakamwa ndi kamtengo, n'kumuthira fodya. Chikafa chirombo, mwana adzuka. Lufina, nyumba ndi yako. Katulutse."

"Musatero!" anakuwa Cedric. "Akudwala chabe! Lufina, usalole!"

Lufina analandira makiyi osayang'ana mwamuna wake. Analowa m'nyumba, natseka chitseko. Kakhola kanali kolemera, kotero anaganiza zongotulutsa nthambi imene Bwana anakhalapo. Anatsegula loko, nakoka nthambiyo. Aka kanali koyamba kuyandikira chirombocho chotere. Chinali chopepuka, nthiti zili poyera, diso limodzi likuyang'ana iye, linalo likuyang'ana ku nsalu yotchinga. Nthambi inagunda waya, ndipo khungu lakale la m'khosi lija linang'ambika pang'ono.

Pansi pake panali ulusi wabuluu, womangidwa mfundo ziwiri.

Lufina anaima chilili. Anayang'ana juzi ya Tisunge imene inapachikidwa pa msomali, mkono wake wososoka uja. Anakumbukira kaulusi kofiira kamene anasesa, ndi duku yofiira ya Esnath. Anakumbukira kobiriwira, ndi chitenje chimene Pauline anavala pa ngolo, ndi mawu ake akuti china chandimanga m'chiuno. Ulusi sudzimanga wokha mfundo. Winawake ankamangirira anthu pa zirombozi, ndipo sanali Cedric, pakuti Cedric ndi amene anadula kofiira kaja osadziwa chimene akuchita. Tsono ngati mwana wake anali womangiriridwa pa Bwana, fodya wolowa m'kamwa mwa Bwana akanapha ndani?

"Lufina!" anaitana a Maliro panja. "Ukuchedwa chiyani? Mwana akutha!"

Iye anatenga lezala pa zenera. Anagwira bilimankhweyo ndi dzanja lake lenileni, khungu lake lozizira ndi lokhakhala, nalowetsa nsonga ya lezala pansi pa ulusi. Unaduka. Kuseri kwa nsalu kunamveka mpweya wautali, ngati wa munthu wovuuka m'madzi, kenako chifuwa, kenako mawu.

"Amayi, ndikufuna madzi."

Lufina anafumbata ulusiwo m'dzanja lamanzere, natuluka ndi nthambi kudzanja lamanja. Anthu anabwerera m'mbuyo, ena anaphimba nkhope za ana awo.

"Amalume, palibe chifukwa chomuphera. Mwana wayamba kupuma."

"Akukunyenga, mwana wanga. Zirombo izi zikaona imfa zimatero. Bwera nacho kuno."

"Ndati ayi, amalume."

A Maliro anadumpha ngati mnyamata, natsomphola bilimankhweyo pa nthambi. Pa bwalo lonselo panalibe wina akanayerekeza kum'khudza, koma iwo anam'gwira kumbuyo kwa mutu ndi zala ziwiri, mchira n'kuukulunga pa chala chaching'ono, mmene Cedric ankagwirira. Dzanja limenelo silinali kugwira koyamba. Atatsegula kabotolo ndi mano, kafungo kowawa kanam'fika Lufina m'mphuno, ndipo anayetsemula kawiri. Pomwepo anakumbukira madzulo aja pansi pa mtengo wa mapichesi, ndi fungo limene linali pa waya.

Wina anawapatsa kamtengo, koma Bwana, amene masiku onsewo anali yasa, tsopano anatseka pakamwa kuti ndi. A Maliro anayesa uku ndi uku, kamtengo kanathyoka. Chifukwa cha changu anataya mwambo umene iwo omwe anaunena, nakanikiza chala chawo pa milomo ya chirombocho. Bwana anatsegula, naluma. Magazi anatuluka pa chala, natsikira kukhosi kwa bilimankhwe, ndipo anthu onse anaona khosilo likumeza.

A Maliro anaseka. "Luma, ndi komaliza."

Anathira fodya.

Lufina anatambasula dzanja lake lamanzere. "Amalume, kaulusi kanu aka."

A Maliro anayang'ana ulusi wabuluu uja, nayang'ana khosi la bilimankhwe, nayang'ana chala chawo chokha magazi. Nkhope yawo inachita phulusa.

"Wamasula? Wamasula liti, iwe? Ndiye kuti amene ali mmenemu tsopano ndi..."

Sanamalize. Anayetsemula mwamphamvu, kenako anagwira pakhosi. Bilimankhwe anagwa pansi akudzipinda, thupi likusanduka lachikasu, kenako lakuda, ndipo a Maliro anagwa pambali pake akudzipinda chimodzimodzi. Thovu labulauni linatuluka m'kamwa mwawo. Diso lawo limodzi linayang'ana kumwamba, linalo linazungulira lokha kufunafuna Cedric. Akazi anakuwa, ena anathawira m'chimanga chouma. Anyamata aja anamusiya Cedric osadziwa kuti amusiya.

"Akamwini," anatero a Maliro mobanika, "mutsukeni m'kamwa. Chonde. Dimba sindilifunanso. Za Pauline ndilapa pamaso pa mpingo. Muchizeni!"

Esnath anagwa pansi n'kuyamba kulira dzina la mng'ono wake. Cedric anayang'ana mkazi wake. Koma pakhomo panali pataima Tisunge, atagwira chitseko, akupuma bwinobwino, ndipo maso a mayiyo anali pamenepo. Cedric anatola Bwana, nathamanga naye ku ndowa. Anam'zondotsa mutu, namutsuka m'kamwa ndi nthenga mobwerezabwereza mpaka madzi anasiya kutuluka akuda. Anatero chifukwa cha chiweto chake kapena chifukwa cha munthu, palibe anam'funsa. Dzuwa likufika pamutu, bilimankhweyo anatambasula mwendo umodzi, nagwira chala cha mbuye wake. Pa bwalo, a Maliro anatambasula mkono, nagwira fumbi.

A Maliro anakhala moyo, koma sanabwererenso mwakale. Ankayenda mwendo umodzi kutsogolo, n'kugwedezeka, n'kudikira, kenako winawo. Maso awo sanayang'anenso chinthu chimodzi onse awiri. Mpingo unawadula, ana awo a ku Kandeu sanabwere kudzawaona, ndipo pa mjigo anthu amene ankanena Cedric anayamba kumupatsa moni wa manyazi. Panalibe amene anaganiza zowathamangitsa a Maliro pamudzipo, pakuti aliyense ankaona kuti sangapite kutali. Ulusi umadulidwa ndi lezala, koma magazi amene chirombo chameza palibe angawatulutse.

M'mawa uliwonse Lufina akamapita ku dimba ndi Tisunge, ankawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, pafupi ndi kakhola kamene Cedric anakabwezera panja kutayamba kufunda. M'manja ankakhala ndi chitini cha ziwala zimene anagwira okha m'mame, akukwawa. Ankawaza madzi pa masamba, ankathamangitsa akhwangwala ndi amphaka, ndipo mphepo ikawomba ankavula jekete lawo n'kufunditsa waya. Bwana akatsimphina, iwonso ankatsimphina. Lufina ankawapatsa moni monga mwa ulemu woyenera malume, n'kudutsa.

Tsiku lina, mapichesi atayamba maluwa, iye anamva a Maliro akufunsa mwamuna wake ndi mawu aang'ono.

"Akamwini, kodi zimenezi zimakhala zaka zingati?"

Cedric anapitiriza kusintha nthambi. "Sizikhalitsa, amalume. Ngakhale kwa mzungu kuja, kumene zinali ndi dokotala wakewake, sizinkakalamba kwenikweni."

"Nanga uyu?"

"Uyu ndinamutola ali wamkulu kale."

A Maliro anatsegula chitini, nasankha chiwala chonenepa, nachilowetsa pa waya. Bwana anatembenuza diso limodzi, nachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka diso lija, ndipo lilime silinatuluke.